Njati sibayidwa katemera, thole ndilo libayidwe: mmene mungatetezere ng'ombe ku chigodola cha nkhupakupa

Alimi amene amadyetsera ng'ombe m'mphepete mwa nkhalango amafunsa kawirikawiri kuti: ngati nkhupakupa zimatenga matenda ku nyama zakutchire, bwanji osangobaya katemera nyamazo, nkhani n'kuthera pomwepo? Funsoli si lachibwana, chifukwa kumaiko ena zimenezi zikuchitikadi.

Ku America kuli matenda a anthu otchedwa Lyme, omwe amafala ndi nkhupakupa. Kachilombo kake kamasungidwa makamaka m'thupi la mbewa ina yamiyendo yoyera. Nkhupakupa ikadali yaing'ono imayamwa mbewayo, n'kutenga kachilombo, ndipo ikakula pang'ono imakaluma munthu. Akatswiri a kumeneko anapaka katemera pa timibulu ta chakudya n'kumatiika m'tchire kuti mbewa zizidya. Mbewa ikadya, magazi ake amakhala ndi chitetezo chimene chimakapha kachilomboko m'mimba mwa nkhupakupa pamene ikuyamwa. Choncho nkhupakupa siifa, koma imachoka pa mbewayo ilibe matenda oti ikapatsire munthu. Boma la America linapereka chilolezo choyamba cha katemera wotereyu mu 2023. Nzeru yobisa katemera m'nyambo inayamba kale: ku Switzerland mu 1978 ankaika katemera wa chiwewe m'mitu ya nkhuku n'kuimwaza m'tchire kuti nkhandwe zidye.

Njira imeneyi imatheka pakakhala zinthu zitatu: nyama yosunga matenda ikhale yodziwika bwino, katemera akhale womeza, ndipo chitetezo chake chiletse kachilombo kuchoka mu nyamayo kupita kwa nkhupakupa. Pa matenda amene amatha ng'ombe kuno kwathu ku Lilongwe, choyamba chokha ndicho chilipo.

Chifukwa chake njira ya mbewa siingagwire pa njati

Matenda tikunenawa ndi chigodola cha ng'ombe, chimene madokotala a ziweto amachitcha East Coast Fever. Musachisokoneze ndi chigodola cha nkhumba. Dzina ndi limodzi koma matenda ndi osiyana kotheratu, ndipo cha nkhumbacho chilibe katemera amene mungagule kuno kwathu. Cha ng'ombe chimayamba ndi kachilombo kotchedwa Theileria parva, ndipo mwini wake weniweni wa kachilomboka ndi njati. Njati imakatenga ikadali yaing'ono, siidwala, ndipo imakhala nako moyo wake wonse, osati mtundu umodzi wokha koma mitundu yambirimbiri nthawi imodzi.

Katemera wa chigodola amene alipo ndi kachilombo kamoyo kobaya ndi jekeseni, osati komeza. Kuti mubaye njati muyenera kuyamba mwaigonetsa ndi mankhwala oombera pa mfuti, imodzi ndi imodzi, pali dokotala wa nyama zakutchire. Ngakhale mutakwanitsa, palibe chimene mwapindula: katemerayu amateteza nyama kuti isadwale, koma sachotsa kachilombo m'magazi. Njati sidwala kale. Mwangoiwonjezera kachilombo kena pa amene ili nawo.

Palinso vuto lachiwiri. Nkhupakupa yofalitsa chigodola siisankha njati yokha. Imayamwa mbawala, agwape, akalulu, mbuzi ndi nkhosa. Nyama zimenezi sizifalitsa chigodola, koma zimadyetsa nkhupakupa kuti ziswane. Kumalo ena oweterako nyama zakutchire, monga ku South Africa, amaika modyera mwapadera mmene nyama ikamadya imadzipaka yokha mankhwala opha nkhupakupa pakhosi ndi m'makutu. Zimenezo zimathandiza m'malo otchingidwa ndi mpanda. Ku Dzalanyama kapena ku Kasungu sizingapite patali.

Ndipo tisanamizire njati pa chilichonse. Ng'ombe zambiri zimene zimafa ndi chigodola ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Lumbadzi sizinaonepo njati. Zimapatsirana zokhazokha kudzera mwa nkhupakupa, chifukwa ng'ombe yomwe inadwalapo n'kuchira imasunga kachilombo. Nyama yofunika katemera kuno ili m'khola mwanu momwe.

Mudziweni mdaniyo

Nkhupakupa ya chigodola ndi yofiirira moderako, yopanda mawanga, ndipo ikuluikulu zake zimakonda m'makutu, kuzungulira maso, patsinde pa nyanga ndi kunsi kwa mchira. Dzina lake la sayansi ndi Rhipicephalus appendiculatus. Imayamwa katatu pa moyo wake, ndipo ulendo uliwonse imakwera nyama ina. Ikaswa imakhala kanthu kakang'ono ngati kambewu ka fodya, ka miyendo 6. Kamayamwa masiku ochepa, n'kugwa pansi, n'kufundula. Kamatuluka ka miyendo 8, kamakweranso nyama ina, kamagwanso, kamafundulanso, ndipo apo yakula. Yaikazi ikakhuta imagwa n'kuikira mazira masauzande angapo, kenaka imafa.

Pali mfundo ziwiri zofunika apa. Yoyamba, kachilombo ka chigodola sikadutsa m'mazira. Nkhupakupa imakatenga ikamayamwa ng'ombe yodwala kapena yosunga matenda, n'kukapereka pa msinkhu wotsatira. Yachiwiri, nkhupakupa siipereka matenda ikangoluma. Kawirikawiri imayenera kuyamwa masiku 3 kapena kuposerapo kuti tizilombo ta m'malovu mwake tikhwime. N'chifukwa chake kupopera ng'ombe mankhwala opha nkhupakupa mlungu ndi mlungu kumadula matenda, pomwe kupopera kamodzi pamwezi kumangochepetsa nkhupakupa koma ng'ombe n'kumadwalabe.

Kuno kuchigawo chapakati zikuluzikulu zimachuluka m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha m'Malichi, ndipo ndi nthawi imene mathole amafa kwambiri. Zing'onozing'ono zimatsatira mvula ikamatha ndi m'miyezi yozizira. N'zovuta kuziona, koma za msinkhu wapakati nazonso zimapatsira.

Katemerayu ndi wotani

Anapangidwa koyamba ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970. Ndi tizilombo tamoyo totengedwa m'nkhupakupa zoperedwa, za mitundu itatu yosakaniza: Muguga, Kiambu 5 ndi Serengeti. Mwayi wathu ndi woti katemerayu amapangidwa mu Lilongwe momwemuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, komwe ntchito yopanga katemera wopita kumaiko angapo inakhazikitsidwa mu Disembala 2014.

Kagwiridwe kake n'kosiyana ndi katemera wina amene munazolowera. Mumaipatsa ng'ombe matenda dala, ndipo nthawi yomweyo mumaibaya mankhwala a oxytetracycline okhalitsa m'thupi. Mankhwalawo sapha tizilombo tonse. Amangotifooketsa kuti tichulukane pang'onopang'ono, thupi lipeze mpata wotizindikira n'kumanga chitetezo. Ng'ombe ikadutsa pamenepo imatetezedwa moyo wake wonse ndi kubaya kumodzi kokha, makamaka ngati ikupitiriza kukumana ndi nkhupakupa apo ndi apo.

Zolakwika zonse za katemerayu zimachokera pa kusalingana kwa zinthu ziwirizi. Mankhwala akachepa, thole limadwala chigodola chenicheni chimene mwalipatsa nokha. Tizilombo tikafa m'njira chifukwa cha kutentha, thole limalandira madzi chabe, mwini n'kumaona ngati latetezedwa, ndipo limadzafa mu Januwale. Chachiwirichi n'choopsa kwambiri chifukwa palibe chimene chimaoneka tsiku lobayalo. Ntchitoyi ndi ya dokotala kapena mlangizi wa ziweto amene anaphunzitsidwa katemera ameneyu, osati aliyense wodziwa kugwira jekeseni. Komabe mlimi ayenera kudziwa ndondomeko yonse kuti aziona ngati zikuyenda bwino.

Kukonzekera

Katemera amabwera m'timachubu ting'onoting'ono ta theka la mililita, tosungidwa m'thanki ya nayitrojeni wamadzi pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, thanki yofanana ndi ija amanyamula alangizi obereketsa ng'ombe popanda nkhunzi. Kachubu kodziwika kwambiri kamakwanira ng'ombe 40, ndipo kakasungunuka sikabwereranso m'thanki. Mlimi wa ng'ombe zitatu sangatsegulitse kachubu yekha. Gwirizanani m'mudzi, pa gulu logulitsa mkaka kapena pa komiti ya dibi, mulembe mayina ndi chiwerengero cha ziweto, ndalama zisonkhedwe tsiku lisanafike. Kulemba ng'ombe 40 n'kubwera 22 ndiko kumagwetsa ntchitoyi m'madera ambiri, chifukwa katemera wotsala amatayidwa ndipo wina ayenera kumulipira. Sankhani malo amodzi, kapena awiri oyandikana, okhala ndi mpanda wopanira ng'ombe ndi mthunzi.

Yambani ndi mathole, kuchokera pa mwezi umodzi wakubadwa. Mulingo wa katemera ndi umodzimodzi pa thole ndi pa nkhunzi, koma oxytetracycline amayendera kulemera kwa nyama, kotero thole limatsika mtengo. Ng'ombe zamkaka za Friesian, Jersey ndi makolosi ake zibayidwe pa msinkhu uliwonse, chifukwa zimafa mosavuta. Ng'ombe zachikuda zikuluzikulu zimene zakulira m'dera la chigodola nthawi zambiri zinakumana nacho kale zili zazing'ono n'kupulumuka. Ndalama zikachepa, zimenezo zidikire, mathole ake atsogole. Ng'ombe yogulidwa kuchokera kudera lopanda chigodola, ngakhale ikhale yachikuda, ioneni ngati thole.

Zosayenera kubayidwa ndi izi: yodwala, yotentha thupi, yowonda kwambiri, ndi yabere lalikulu loyandikira kuswa. Imene yangolandira kumene mankhwala a chigodola kapena oxytetracycline idikire, poti mankhwala otsalira m'thupi angaphe katemera. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachiphonya: mankhwala a njoka za m'mimba okhala ndi levamisole. Akaperekedwa pafupi ndi tsiku la katemera amachititsa kuti ng'ombe zidwale kwambiri. Siyani mwezi wathunthu kutsogolo ndi kumbuyo, kapena gwiritsani ntchito albendazole. Werengani timalemba tating'ono ta pabotolo, osangoona dzina lalikulu.

Za nyengo: cholinga n'choti chitetezo chikhale chitakhwima mvula isanagwe. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ndi yabwino chifukwa ng'ombe zimakhala zonenepa ndi mapesi a m'minda ndipo kunja kumazizira. Okutobala ndi wovuta: ziweto zaonda, dzuwa likusungunula ayisi msanga. Popeza mathole amabadwa chaka chonse, gulu lokhazikika limakonza maulendo awiri kapena atatu pachaka.

Tsiku lobaya

Ng'ombe zifike m'mamawa ndipo zipume. Imene yathamangitsidwa padzuwa imatentha thupi, n'kukusokonezani poyeza. Kachubu kasatulutsidwe m'thanki ng'ombe zisanawerengedwe ndi kuyezedwa zonse.

Iliyonse iyezedwe kutentha kwa thupi polowetsa choyezera kumatako. Ng'ombe yabwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3. Ikafika 39.5 kapena kupitirira, ichotsedwe pamzere. Papasani mwanabere wa kunsi kwa khutu ndi wa kutsogolo kwa phewa. Ngati watupa, mwina chigodola chalowa kale, ndipo imeneyo ikufuna mankhwala osati katemera.

Kenaka kulemera. Kuyeza ndi maso n'kumene kumapha mathole. Gwiritsani ntchito tepi yoyezera ng'ombe, muizunguze pachifuwa kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, ng'ombe itaima mowongoka, tepi yogwira khungu koma yosafinya. Nambala ikagwera pakati, kwezerani m'mwamba. Oxytetracycline wofunika ndi wa 30 peresenti wokhalitsa, pa mulingo wa mamiligalamu 30 pa kilogalamu, kutanthauza mililita 1 pa makilogalamu 10 aliwonse. Thole la makilogalamu 60 lilandira mamililita 6. Ng'ombe ya makilogalamu 320 ilandira 32. Samalani apa: m'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka kwambiri wa 10 ndi wa 20 peresenti, mabotolo ake n'kumafanana. Mukabaya wa 20 peresenti pa mulingo wa mililita 1 pa makilogalamu 10, mwapereka magawo awiri okha mwa atatu a mankhwala ofunika. Wa 10 peresenti sakhalitsa m'thupi, ndiye asayandikire n'komwe.

Tsopano wobaya amakonza katemera. Madzi osungunulira katemera amabwera m'botolo lakelake ataundana. Amayamba wawasungunula n'kuwaika pa ayisi kuti azizire. Amatulutsa kachubu m'thanki ndi chopanira, osati ndi zala, ndipo chotengera chisakwezedwe kupitirira khosi la thanki, chifukwa timachubu totsala timawonongeka tikamakwera ndi kutsika. Kachubuko amakapukusa pakati pa zikhatho mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka kasungunuke, amakapukuta, amakadula, n'kutsanulira m'botolo la madzi aja. Amatsukuluza kachubu ndi madzi omwewo kuti pasatsale kanthu. Kusakaniza n'kotembenuza botolo pang'onopang'ono. Kukhutchumula mpaka thovu kumapha tizilombo. Chikalata cha opanga chimanena mphindi zoti botolo likhale pa ayisi kubaya kusanayambe ndi maola oti katemera athe. Maolawo ndi ochepa, ndipo amene amasamala amayesetsa kumaliza maola 4 asanakwane. Lembani nthawi yosungunulira pa botolo penipeni, chifukwa pakati pa phokoso la ng'ombe palibe amene amaikumbukira.

Botolo likhale m'kabokosi ka ayisi, pamthunzi, lotsekedwa. Lizitembenuzidwa musanakoke mulingo uliwonse, poti tizilombo timatsikira pansi. Sirinji ya katemera ikhale yakeyake, isakhudzane ndi oxytetracycline, sipiriti, sopo kapena jiki. Musakokeretu katemera m'masirinji ambiri n'kuwaika m'thumba la malaya.

Pa ng'ombe iliyonse yambani ndi oxytetracycline, mkati mwa mnofu wa pakhosi. Musapitirire mamililita 10 pamalo amodzi. Ng'ombe yaikulu igawireni malo atatu kapena anayi, apo ayi pamatupa ndi kuchita mafinya. Chifukwa choyambira ndi mankhwala n'chosavuta: ng'ombe ikadumpha mpanda italandira mankhwala okha palibe choopsa, koma ikathawa italandira tizilombo tokha mwaipha. Kenaka katemera, mililita 1, pansi pa khungu pafupi ndi mwanabere wa kunsi kwa khutu. Tsinani khungu, lowetsani singano mopendeka, onetsetsani kuti siinatulukire mbali ina. Ubweya ukanyowa ndiye kuti katemera watayikira kunja, bayaninso. Mutu ugwidwe zolimba ndi anthu awiri.

Pomaliza ng'ombe ivekedwe ndolo ya nambala kukhutu, ndipo nambalayo ilembedwe m'kaundula pamodzi ndi dzina la mwini, kulemera, kutentha kwa thupi, mulingo wa mankhwala ndi nambala ya katemera. Ndoloyi musaichotse, ndi umboni pogulitsa. Ng'ombe yokamidwa ikalandira oxytetracycline mkaka wake usapite kogulitsa kapena kumwedwa mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana, ndipo chimodzimodzi nyama yake.

Milungu inayi yotsatira

Masiku oyamba simuona kanthu kupatula kutupa pang'ono pobayidwa. Nthawi yoyang'anitsitsa ndi kuyambira tsiku la 10 mpaka cha m'ma 21, makamaka mlungu wachitatu. Mwanabere wa mbali yobayidwa akhoza kutupa pang'ono ndipo thupi likhoza kutentha tsiku limodzi kapena awiri ng'ombe ikudya bwinobwino. Zimenezo n'zachibadwa, katemera akugwira ntchito, ndipo kuthamangira kubaya mankhwala amphamvu pamenepa kungasokoneze chitetezo.

Choopsa ndi ichi: kutentha kopitirira madigiri 39.5 kwa masiku atatu otsatizana, kapena kofika 40.5 ndi 41, anabere kutupa mbali zonse, kusiya kudya, kutsika mkaka, misozi, maso kuchita mtambo, kutsokomola ndi kupuma movutikira. Itanani wobaya uja tsiku lomwelo. Mankhwala ake ndi buparvaquone, mamiligalamu 2.5 pa kilogalamu, omwe pa botolo la 5 peresenti ndi mililita 1 pa makilogalamu 20, m'mnofu wa pakhosi, kubwereza pakatha maola 48 ngati siinasinthe. Chigodola chimapha podzaza madzi m'mapapo, kotero ng'ombe ikayamba kupuma movutikira dokotala amawonjezera furosemide wochotsa madziwo. Ikafika potulutsa thovu m'mphuno, nthawi zambiri mwachedwa. Gulu lanzeru limagula botolo limodzi la buparvaquone ndi choyezera kutentha chimodzi tsiku la katemera lisanafike, osati kuyamba kusaka ndalama thole litagona.

Pa milungu imeneyi ng'ombe zapangolo zisakoke katundu wolemera, mathole asathenedwe kapena kuchotsedwa nyanga, ndipo kupopera kupitirire mosadumpha, chifukwa chitetezo chimafuna pafupifupi mwezi kuti chikhwime.

Ng'ombe ikafa, isathamangiridwe kugawana nyama nkhani n'kuiwalika. Mlangizi atenge magazi ndi madzi a m'mwanabere pa galasi atumize ku labotale ya ziweto ku Bwemba. Popanda kuyeza, imfa iliyonse idzatchedwa chigodola ndipo mlandu udzagwera katemera, pomwe matenda a nkhupakupa ali angapo.

Kupopera sikutha

Katemerayu ndi wa chigodola chokha. Nkhupakupa yamawangamawanga yamlomo wautali imabweretsa matenda amene amadzaza madzi kuzungulira mtima, ng'ombe kapena mbuzi n'kumazungulira, kugwa ndi kupalasa miyendo. Nkhupakupa yabuluu imabweretsa matenda okodza magazi ndi matenda a ndulu. Kumaiko ngati Cuba kuli katemera wolimbana ndi nkhupakupa yabuluuyo, koma sathandiza kwenikweni pa ya m'makutu. Chimene katemera wa chigodola amakupatsani ndi mpata wochepetsa kupopera, osati kusiyiratu. Ng'ombe zachikuda zobayidwa zikhoza kupoperedwa pa milungu iwiri iliyonse m'dzinja, ndipo m'chilimwe pokhapokha nkhupakupa zikaoneka zochuluka. Nkhupakupa zochepa zimathandiza kusunga chitetezo ku matenda enawo. Zamkaka zachizungu zisamalidwe kwambiri kuposa pamenepo.

Mankhwala opopera a amitraz wa 12.5 peresenti amasungunulidwa mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi: mamililita 32 mu sipuleya ya malita 16, kapena 40 mu ndowa ya malita 20. Yezani ndi sirinji, osati chivindikiro cha botolo. Ng'ombe yaikulu imafuna malita osachepera 5 kuti inyowe mpaka pakhungu, ndiye sipuleya imodzi ndi ya ng'ombe zitatu basi. Amene amapopera ng'ombe 10 ndi sipuleya imodzi akungophunzitsa nkhupakupa kupirira mankhwala. Yambirani kumiyendo yakumbuyo, kunsi kwa mchira, kubere, kumimba, m'khwapa, kukwera kumsana motsutsana ndi ubweya, n'kumalizira kumutu. M'kati mwa makutu ndimo mofunika kwambiri ndipo ndimo mmene ambiri amadumpha chifukwa ng'ombe imavuta. Gwirani khutu, poperani mkati, kapena pakani girizi wa nkhupakupa ndi kansalu. Poperani m'mawa ng'ombe zitamwa madzi, kusakuoneka mvula. Amitraz wosungunula agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo poti amafooka msanga, ndipo asapoperedwe pa abulu ndi akavalo, amawadwalitsa koopsa. Wopopera avale magolovesi ndi chotchinga kukamwa, ndipo zotsukira zisatayidwe kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Mankhwala akaoneka ngati asiya kugwira, yambani mwafufuza muyezo ndi kapoperedwe. Ngati zonse zili bwino, sinthani banja la mankhwala. Cypermethrin, deltamethrin ndi flumethrin ndi banja limodzi; kuchoka pa ena kupita pa ena n'kusintha dzina chabe. Amitraz ndi banja lina, chlorfenvinphos ndi lina.

Okhola ng'ombe osazitulutsa asadzinamize kuti nkhupakupa sizingawapeze. Zimabwera ndi udzu wodulidwa kudambo kumene ng'ombe za m'mudzi zimadya, zimabweranso ndi nkhunzi yobwereka. Dzalani nsenjere pamalo otchinga, ndipo ng'ombe yochokera kumsika ipoperedwe ndi kukhala payokha milungu itatu.

Kumene kuli njati

Apa ndi pamene katemera sitimudalira kwathunthu. Kachilombo kochokera mwachindunji ku njati kamayambitsa mtundu wa chigodola wothamanga kwambiri, umene ku South Africa anautcha Corridor disease chifukwa unadziwika m'kanjira ka pakati pa nkhalango za Hluhluwe ndi Umfolozi. Popeza njati zimasunga mitundu yambiri ya kachilombo, mitundu itatu ya m'katemera siikwanira yonse. Ku Kenya ng'ombe zobayidwa zitaikidwa kudya pamalo a njati zinadwalabe ndi kufa. Ng'ombe yogwidwa ndi mtundu umenewu imafa msanga, nthawi zambiri isanafike popatsira nkhupakupa zina, kotero matendawa amabuka pamene pali njati n'kuzima pomwepo.

Njati zilipo ku Kasungu, ku Nkhotakota, ku Vwaza, ku Liwonde, ku Lengwe ndi ku Majete, ndipo mu 2022 zina zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu pamodzi ndi njovu 263. Mlimi wa ku Lilongwe zimam'khudza akagula ng'ombe kumadera amenewo, kapena akatumiza zake kukaweteredwa kwa achibale a m'malire mwa nkhalango. Sipafunika kuti ng'ombe ikumane ndi njati maso ndi maso. Nkhupakupa yogwa pa njati imatha kudikira mu udzu miyezi yambiri ili ndi matenda, choncho dambo limene njati zinadyapo m'chilimwe likhoza kupha ng'ombe m'dzinja. Abusa auzidwe madambo ndi madziwe oyenera kuwapewa, njati zikatuluka m'nkhalango a zanyama zakutchire adziwitsidwe msanga, ndipo ng'ombe za m'malire zipoperedwe mlungu uliwonse m'dzinja ngakhale zili ndi ndolo ya katemera. Imodzi ikatentha thupi ndi kutupa mwanabere kumalo otere, buparvaquone abayidwe tsiku lomwelo magazi atangotengedwa, ndipo zinzake zonse ziyezedwe kutentha m'mawa uliwonse kwa milungu iwiri.